Miyezi yodikira yankho la ndalama za kafukufuku

Kulemba pempho la ndalama za kafukufuku n'kotopetsa, koma kumatha. Tsiku lomaliza likafika umawerenganso kamodzi, n'kudina batani lotumizira, basi. Chimene palibe amakukonzekeretsa ndi miyezi yotsatirayo, miyezi ya zii, wosadziwa ngati chaka chamawa udzakhala uli mu labu kapena udzakhala ukuyendayenda ndi makalata ofunsira ntchito. Ine ndili m'nyengo imeneyo panopa, ndipo sindili ndekha. Pakhonde pathu tilipo angapo amene tinatumiza mapempho nthawi imodzi ku mabungwe osiyanasiyana. Tikakumana m'mawa sitifunsananso. Nkhope zimanena zokha kuti imelo sinabwere.

Ndikuchita PhD. Ndimafufuza mabakiteriya amene anasiya kumva mankhwala, makamaka opezeka m'madzi oipa otuluka m'zipatala. Ntchito yotunga madziwo ndi kulekanitsa tizilomboto ndinaimaliza. Zimene ndinapeza zili m'timabotolo mu firiji yozizira madigiri 80 pansi pa ziro, ndipo sizingandiuze kanthu pokhapokha DNA yake itawerengedwa. Kuwerenga DNA kumafuna makina ndi mankhwala a mu labu amene dipatimenti yathu payokha singakwanitse kulipira. Pempho langa ndi la zimenezo, kuphatikizapo ndalama ya mwezi ndi mwezi yoti ndizikhalira mpaka nditamaliza kulemba. Zikakanika, timabotoloto tikhalabe mozizira, koma ine sindingakhale ndi moyo pa madigiri 80 pansi pa ziro kudikira mpata wina.

Anzanga ali ndi zawo. Mmodzi amafufuza mbalame zimene zimaswa nyengo imodzi yokha pachaka, ndiye yankho likachedwa ndi milungu ingapo, iye wataya chaka chonse. Wina anachokera kudziko lina, ndipo visa yake kuti iwonjezedwe pamafunika kalata yosonyeza kuti ali ndi omulipirira. Wachitatu ali ndi mwana wakhanda, ndipo kampani ina yamupatsa ntchito. Kampaniyo ikufuna kumva ngati akubwera, iye akufuna ayambe wamva za fellowship yake, ndalama zomuthandiza pa maphunziro zimene anapempha. Anthu akamati ophunzira a digiri zapamwamba amadandaula kwambiri ndi zinthu zazing'ono, ndimafuna atadziwa kuti pa imelo imodziyo papachikika nyumba ya lendi, chilolezo chokhala m'dziko, ndiponso mkaka wa mwana.

Amayi akaimba foni funso lawo ndi limodzi: "Kodi ayankha, mwanangu?" Ndikati ayi, amandikumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amanena mwachikondi, ndipo ndimalandira. Koma kudekha kumaphweka ukadziwa kuti ukudikira mpaka liti.

Chimene chinandithandiza pang'ono ndi kudziwa zimene zimachitika mkati muja ife tikuona ngati palibe chikuyenda. Bungwe limene limalongosola njira yake poyera ndi NIH ya ku America, limene limapereka ndalama zambiri za kafukufuku wa zaumoyo. Kumeneko pempho likafika limapatsidwa kwa akatswiri angapo, kawirikawiri atatu, ndipo aliyense amaliwerenga payekha n'kulipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 9, pamene 1 ndiye wapamwamba. Komiti yonse ikakumana, theka la mapempho kapena kuposa silikambidwa n'komwe, chifukwa malikisi ake oyamba sanali abwino. Otsalawo amakambidwa, mamembala onse amavota, ndipo pempho lililonse limatuluka ndi nambala ya pakati pa 10 ndi 90. Nkhani siithera pomwepo. Pali khonsolo ina imene imaonanso zonse, kenako akuluakulu amayang'ana ndalama zimene zilipo chaka chimenecho n'kuona pamene mzere udutse. Mabungwe ena ali ndi njira zawo, ena amawonjezera intavyu, koma mafupa ake ndi omwewo. Ounikawo ndi aphunzitsi ndi ofufuza amene ali ndi ntchito zawo, ndipo amawerenga mapempho athu usiku ndi kumapeto kwa sabata. Kuti anthu khumi kapena makumi awiri otanganidwa apeze tsiku limodzi lokumana, pamadutsa milungu.

N'chifukwa chake miyezi imachuluka. Fellowship yotchuka ya NSF (bungwe la boma la America lothandiza sayansi), imene yakhala ikuperekedwa kwa ophunzira a digiri zapamwamba ku America kuyambira 1952, mapempho ake amatsekedwa chakumapeto kwa chaka ndipo mayankho amatuluka cha mu Malichi kapena Epulo. Kwa zaka zambiri ankasankha anthu pafupifupi 2,000 pachaka mwa opempha oposa 12,000, ndipo ena ambiri amangolandira kalata yowayamikira kuti anachita bwino, yopanda ndalama. Sikolashipu za Commonwealth, zimene zinakhazikitsidwa mu 1959, nazonso umapempha chaka chino n'kudzamva chapakati pa chaka chamawa. Wopempha ku DAAD ya ku Germany kapena ku Fulbright ya ku America amadziwa kudikira komweku. Theka la chaka, nthawi zina kupitirira apo, munthu akukhala moyo wa mwina.

Pali katswiri wa maganizo a anthu, Kate Sweeny wa ku University of California, Riverside, amene wathera zaka zambiri akufufuza za kudikira nkhani yosadziwika. Anatsatira omaliza maphunziro a zamalamulo amene ankadikira zotsatira za mayeso olowera ntchito ya uloya ku California, zimene zimatenga pafupifupi miyezi inayi. Anapeza kuti nkhawa imakwera pachiyambi, imatsikako pakati, kenako imakweranso kwambiri tsiku likamayandikira. Ndimaziona zimenezi mwa ine. Mwezi woyamba ndinkangokumbukira ziganizo zimene ndikanazilemba mwina. Pakati apa ndinaiwalako, ndinkagona bwino. Panopa, poti nyengo imene anthu a chaka chatha anamva yayandikira, foni ikangolira mtima umadumpha. Mphekesera nazo zimayamba nthawi yomweyi. Wina wamva kuti komiti inakumana kale, wina akuti opambana amaimbiridwa foni kaye, wina waona kuti mawu a pa akaunti yake asintha ndipo tonse timathamangira kukaona zathu. Palibe chimene zimatiwonjezera, koma munthu wosowa nkhani amatola chilichonse.

Koma nkhawa yeniyeni, ndikaisinkhasinkha, siichokera ku ndalama zokha. Ambirife mumtima timaona yankholo ngati chigamulo chonena ngati tili oyenera kukhala ofufuza. Unathera milungu ukulongosola ganizo limene umalikonda, akatswiri a m'gawo lako aliwerenga, ndiye akakana umamva ngati akana iwe. Apa m'pamene ndikufuna kuimapo, chifukwa ndikukhulupirira kuti kalata yokana sinena zimenezo, ndipo pali umboni.

Mu 2018 magazini ya sayansi ya PNAS inatulutsa kafukufuku wa gulu la ku University of Wisconsin–Madison. Anatenga mapempho 25 enieni amene anatumizidwapo ku NIH n'kuwapereka kwa ounika 43 odziwa ntchitoyo. Zotsatira zake, ounikawo sankagwirizana pa malikisi a pempho limodzi lomwelo. Chimene wina ankachiona ngati vuto lalikulu, wina ankachiona ngati kachinthu kakang'ono. Tikumbukire kuti onsewo anali mapempho abwino, amene pamapeto pake anapatsidwa ndalama. Tanthauzo lake n'lakuti ounika mwina amatha kusiyanitsa pempho lofooka ndi lamphamvu, koma akapatsidwa amphamvu okhaokha, kuwaika pamndandanda kumadalira kwambiri kuti wawerenga ndi ndani. Aphunzitsi anga ondiyang'anira, amene akhalapo m'makomiti otere, anandiuza zofanana. Anati ochepa apamwamba kwambiri amaonekeratu, ofooka nawonso amaonekeratu, koma pakati pamakhala mulu waukulu wa mapempho amene aliyense wa iwo akanatha kupatsidwa ndalama popanda wodandaula. Mzere umadutsa pakati pa mulu umenewo, ndipo umadutsa pamene ndalama zathera.

Ndikaganiza nthawi imene imalowa m'mapempho amenewa, mtima umandiwawa. Ku Australia ofufuza ena anawerengera za mpikisano wa 2012 wa bungwe la boma lopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo. Pempho limodzi linkadya masiku ogwira ntchito 34, ndipo onse pamodzi anadya zaka 550 za ntchito ya ofufuza. Opambana anali pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse. Anayi otsalawo sanali aulesi kapena osadziwa. Ambiri anali a mu mulu wa pakati uja.

Mabungwe ena anavomereza zimenezi poyera ndipo anayamba kuchita maere. Health Research Council ya ku New Zealand inayamba mu 2013 pa mtundu wina wa thandizo lake. Ounika amayamba achotsa mapempho osakwanira, kenako otsalawo amasankhidwa mwamaere. Bungwe la sayansi la Switzerland limachita maere pa mapempho amene ali pamzere ndipo komiti yalephera kuwasiyanitsa, ndipo British Academy inayamba kuyesa njira yofanana mu 2022 pa ndalama zake zing'onozing'ono za kafukufuku. Anzanga ena zimawanyansa. Amati munthu sangavutike milungu yonseyo kuti tsogolo lake ligamulidwe ngati mpikisano wa mwayi. Ndikumvetsa. Koma ine ndili kumbali ya maere, malinga ngati kuunika kwachitika kaye. Mwayi ulimo kale m'njira imene tikugwiritsa ntchito, kungoti wabisala kuseri kwa malikisi. Akandiuza kuti pempho langa linali loyenera koma maere sanandigwere, ndingalire tsiku limodzi n'kudzatumizanso. Akandiuza kuti ndinapeza nambala yotsika pang'ono kuposa mnzanga, ndimayamba kufunafuna chilema mwa ine chimene mwina kulibe.

Ndipo kufunafuna chilema kumeneko n'kumene kumawononga anthu. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Robert Merton analemba mu 1968 kuti mu sayansi amene ali nazo kale ndi amene amawonjezeredwa, ndipo anatchula mchitidwewu ndi dzina la Mateyu, potengera vesi lija la m'fanizo la matalente. Mu 2018 ofufuza anayesa zimenezi ndi manambala a ku Netherlands. Anayerekeza achinyamata amene anadutsa mzere ndi pang'ono pokha pa thandizo lawo loyamba ndi amene anatsalira ndi pang'ono pokha, anthu amene komiti inawaona ngati ofanana. Patatha zaka zisanu ndi zitatu, odutsa aja anali atapeza ndalama za kafukufuku zoposa kuwirikiza kawiri za anzawo. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mbali ina ya kusiyanako inabwera chifukwa otsalira aja ambiri anasiya kupempha. Kalata imodzi inawauza kuti ayi, iwo anamva kuti ayi mpaka kalekale.

Kafukufuku wina wa 2019, wa ku Northwestern University, anayang'ana ofufuza achinyamata opempha ku NIH amene anaphonya ndi pang'ono. Ena mwa iwo anachokeratu, kuposa mmene zinalili kwa opambana. Koma amene anatsala n'kupitiriza, m'zaka khumi zotsatira analemba mapepala otchulidwa kwambiri kuposa anzawo amene anapambana ndi pang'ono. Anthu amakonda kutchula zimenezi polimbikitsana, pamodzi ndi nkhani ya Katalin Karikó, amene anatsitsidwa udindo ku University of Pennsylvania mu 1995 chifukwa mapempho ake a kafukufuku wa mRNA (kanthu konyamula malangizo a DNA m'maselo) ankakanidwa, koma mu 2023 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Drew Weissman. Nkhani yake ndi yoona ndipo ndimaipatsa ulemu. Komabe ndikaimva ndimaganizanso za amene anachoka aja. Kupirira kumafuna pogona ndi chakudya. Amene ali ndi makolo kapena mwamuna kapena mkazi womuthandiza angathe kudikira chaka china. Mnzanga wa mwana wakhanda uja sangathe, ndipo nzeru zake sizichepa ndi za wina aliyense pakhonde pathu. Tikamauza anthu kuti ingolimbikirani, tiziyamba tafunsa kuti adya chiyani pamene akulimbikirapo.

Ndiye pali zinthu zimene ndikuona kuti opereka ndalama angachite popanda kuwonjezera khobidi pa bajeti yawo. Chachikulu ndi tsiku. Atiuze kuti mayankho adzatuluka tsiku lakuti, ndipo likasintha atiuzenso. Bungwe limene ndinapemphako linangolemba kuti tidzamva "m'miyezi ikubwerayi", ndipo kuyambira pamenepo zii. Munthu sungasaine lendi, sungakane ntchito, sungalonjeze labu ina kuti ukubwera, uli ndi mawu otero m'manja. Chinanso, amene agwa pa gawo loyamba auzidwe nthawi yomweyo. Ngati theka la mapempho silikambidwa n'komwe, palibe chifukwa choti eni ake adikire miyezi ina pamodzi ndi amene akadali mu mpikisano. Miyezi imeneyo akanaigwiritsa ntchito kupempha kwina. Ndipo ndemanga za ounika zizitumizidwa kwa aliyense. NIH imatumiza, ndipo imalola munthu kukonza pempho n'kulitumizanso atayankha zimene ounika ananena. Mabungwe ena amangotumiza mizere itatu yonena kuti opempha anali ambiri ndipo onse anali abwino. Wophunzira amene walandira mizere itatu yoteroyo sadziwa ngati anatsalira ndi chala chimodzi kapena anali kutali, ndiye amadziweruza yekha, ndipo kawirikawiri amadziweruza mwankhanza.

Aphunzitsi otiyang'anira nawo ali ndi mbali yawo. Anga anachita chinthu chimene ndikufuna ena atatengera. Pempho litangopita, anandiitana mu ofesi n'kunena kuti tikambiranetu zimene tidzachite likakanidwa, panopa mitu ili bwino. Tinagwirizana kuti zikatero tidzawerenga DNA ya timabotolo tochepa tokha, tosankhidwa bwino, ndi ndalama zotsala za pulojekiti ina, ndipo ine ndidzaphunzitsako makalasi a chaka choyamba kuti ndizipeza ya lendi. Kafukufukuyo adzachepa, mutu umodzi wa thesis udzasintha, koma PhD sidzafa. Anandionetsanso foda ya makalata okana amene iwo analandira pa moyo wawo wa ntchito. Ndi yaikulu kuposa ya makalata ovomera. Ife ophunzira timangoona zimene akuluakulu athu anapambana, chifukwa ndi zimene zimalembedwa pa CV, ndiye kukanidwa koyamba kumaoneka ngati kwatigwera ife tokha.

Za mmene ndikukhalira masiku ano, palibe chodabwitsa. Sweeny uja anapezanso kuti ntchito imene imakumeza maganizo onse imachepetsa ululu wa kudikira, ndipo kwa ine ntchito imeneyo ndi kulemba mapulogalamu a pakompyuta osanthulira DNA. Ndikuwayesa pa deta ya anthu ena imene ili poyera pa intaneti, kuti yanga ikadzabwera ndidzangoilowetsa. Imelo ndimatsegula m'mawa ndi madzulo, ndipo pafoni ndinazimitsa belu lake. Amayi ndinawapempha kuti asamafunse, ndidzawauza ndekha tsiku lomwelo, zabwino kaya zoipa. Anavomera, ngakhale ndimamva m'mawu awo kuti funsolo lili pakamwa. Ndayambanso kulemba pempho lina lopita ku bungwe lina, ndipo ndikulilemba ngati kuti loyambalo kulibe. Poyamba zinkaoneka ngati ndikudzilosera zoipa, koma nditawerenga za ku Netherlands zija ndinaona kuti kusiya kupempha ndiye kutaya kwenikweni.

Pakhonde pathu tinapangana chinthu chimodzi. Mayankho akayamba kutuluka, wopambana asabise ndipo asachite manyazi, koma wokanidwa asasiyidwe yekha tsiku limenelo. Tinaona chaka chatha mmene zimakhalira pamene anthu awiri a tebulo limodzi alandira makalata osiyana ola limodzi. Wopambana amasowa poyang'ana, wokanidwa amalongedza laputopu n'kupita osatsanzika, ndipo pamatha milungu asanalankhulane bwino. Tinagwirizananso kuti amene adzalandire ndemanga za ounika adzazibweretse tidzawerengere limodzi, chifukwa munthu payekha amangoona mawu opweteka n'kudumpha mawu othandiza.

Mnzanga wa mwana wakhanda uja tinamulimbikitsa kulembera ofesala woyang'anira fellowship yake. Ambiri timaopa kutero, poganiza kuti tikawasokosa atichotsera malikisi, koma ofesala ameneyo si amene amaunika, ndipo kuyankha mafunso a opempha ndi mbali ya ntchito yake. Analemba mwaulemu kuti wapatsidwa ntchito kwina ndipo akufuna kudziwa tsiku limene mayankho adzatuluke. Anamuyankha kuti zotsatira sangamuuze, koma komiti inakumana kale ndipo makalata adzapita mwezi uno usanathe. Ndi imelo imeneyo anapita ku kampani ija kukapempha kuti imudikire mpaka kumapeto kwa mwezi, ndipo inavomera.